Umrao Singh, msilikali amene anakana kusiya mzinga wake

Pa 16 December 1944, asilikali a mbali ya Britain atalandanso malo amene adani anawathamangitsapo usiku, m'chigwa cha mtsinje wa Kaladan m'dziko la Burma, anapeza mzinga wawo uli pomwepo, wosawonongeka. Pambali pake panagona munthu ali magazi okhaokha, nkhope itavulazidwa mwakuti anzake omwe anavutika kumuzindikira. Anali ndi mabala akuluakulu 7. Momuzungulira munali mitembo 10 ya asilikali a ku Japan. Panali patapita maola 6 chimugwetsereni pansi, koma anali akupumabe.

Munthuyo anali Umrao Singh, mwana wa mlimi wa ku India, wa zaka 24. Anachira, analandira Victoria Cross, mendulo yoposa zonse imene Britain imapereka kwa msilikali wolimba mtima pamaso pa adani, ndipo anakhalanso ndi moyo zaka pafupifupi 61. Mabuku a nkhondo amakonda kusimba za usiku umodziwo basi. Ine ndikufuna tiyendenso ndi bamboyu m'zaka zinazo, chifukwa ndi mmene muli zambiri zofanana ndi za kwathu.

Dzina loti Burma si lachilendo m'midzi mwathu. Ambiri a msinkhu wangawu tinawapeza agogo a Keyala, aja ankatulutsa jekete yakale ya mendulo mwezi wa November ukafika. Akayamba kusimba za kunkhondo ankatchula mvula yosakata, matope ofika m'mawondo ndi misundu yolowa m'nsapato. Sankanama. M'miyezi yomweyo imene Umrao Singh anali ku Kaladan, anyamata a ku Nyasaland a King's African Rifles anali m'chigwa china chotchedwa Kabaw, chakumpoto, m'gulu la 11th East African Division. Anapyola chigwacho m'nyengo ya mvula mpaka kufika pa mtsinje wa Chindwin, ndipo tauni ya Kalewa inalandidwa kumayambiriro kwa December 1944. Anzathu a ku Zambia mayinawa anawasunga pa misasa ya asilikali: Kalewa ku Ndola, Chindwin ku Kabwe, ndi Arakan ku Lusaka. Arakan ndilo dera limene mtsinje wa Kaladan umathera. Lero deralo limatchedwa Rakhine, ndipo dzikolo ndi Myanmar.

Mwana wa ku Palra

Umrao Singh anabadwa pa 21 November 1920 m'mudzi wa Palra, m'boma limene nthawi imeneyo linkatchedwa Rohtak. Lero mudziwo uli m'boma la Jhajjar, m'chigawo cha Haryana, kumadzulo kwa mzinda wa Delhi. Ndi dera la mvula yochepa, kumene anthu amalima tirigu ndi mchewere n'kumaweta ng'ombe ndi njati za mkaka. Banja lake linali la fuko la Ahir, lodziwika ndi ulimi ndi ziweto, ndipo linali la chipembedzo cha Chihindu. Dzina loti Singh limatanthauza mkango, ndipo amuna ambiri a kumpoto kwa India ali nalo.

Analowa usilikali mu November 1939, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha miyezi iwiri chiyambire. Pofika kumapeto kwa nkhondoyo, India inali itapereka asilikali pafupifupi 2.5 miliyoni, ndipo mabuku amati onsewo anadzipereka okha, popanda kukakamizidwa ndi lamulo. N'zoona, koma mayi aliyense amene analerapo ana pa kamunda kosakwanira akudziwa kuti njala nayo imakakamiza. Usilikali unkapereka malipiro a mwezi ndi mwezi, chakudya, zovala ndi ulemu pamudzi. Anyamata athu ambiri analowa Keyala pa zifukwa zomwezo.

Anamuika m'gulu la oombera mizinga, ndipo mu 1942 anakwezedwa kukhala havildar, udindo umene kwathu kuno timati sajeni.

Ntchito ya pamzinga

Tikamva za mzinga timaganiza za chimfuti chachikulu chokokedwa ndi galimoto. Mizinga ya gulu la Umrao Singh, la 33 Mountain Battery, inali ya m'mapiri, yopangidwira malo opanda msewu. Mzinga wotere unkalemera makilogalamu oposa 700, koma unkamasulidwa kukhala akatundu 8, n'kusenzetsa nyulu, nyama ija yobadwa kwa bulu ndi hatchi. Akafika pamalo oombera, asilikali ankatsitsa zidutswazo n'kuzilumikiza m'mphindi zochepa. Chipolopolo chimodzi chinkalemera makilogalamu 9 ndipo chinkatha kukagwa mtunda wa makilomita 5. Pokweza ndi potsitsa zidutswa zolemerazo ankagwiritsa ntchito zitsulo zazitali, zonga zija timakumbira dzenje la chimbudzi pa nthaka yolimba. Chitsulo chimenechi muchikumbukire.

Mzinga suomberedwa ndi munthu mmodzi. Pamakhala kagulu ka anthu osakwana 10, aliyense ndi ntchito yake: wina kulunjikitsa, wina kulowetsa chipolopolo, wina kutseka, wina kukoka chingwe, ena kubweretsa zipolopolo. Kawirikawiri adaniwo sawaona n'komwe. Amangolandira manambala kuchokera kwa wina amene ali patsogolo, n'kuwatsatira ndendende, chifukwa akaphonya pang'ono chipolopolo chikagwera anzawo. Havildar ndiye amayang'anira zonsezi. Amene munagwirapo ntchito m'chipinda chochilira mukudziwa mmene zimakhalira mayi akayamba kutaya magazi: palibe kufunsana kuti ndani achite chiyani, aliyense dzanja lili kale pamalo pake. Pamzinga napo n'chimodzimodzi.

Pali mwambo wina umene umatithandiza kumvetsa zimene bamboyu anachita. Magulu a asilikali oyenda pansi ali ndi mbendera imene amailemekeza ndi kuiteteza. Oombera mizinga alibe mbendera yotere, mbendera yawo ndi mzinga womwewo. Kuusiya m'manja mwa adani ndi manyazi aakulu, ndipo mnyamata amaphunzitsidwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Palinso chifukwa chooneka ndi maso: mzinga wolandidwa ukhoza kutembenuzidwa n'kuyamba kupha eni ake.

Ntchitoyi ili ndi bala lake losaoneka. Phokoso la mzinga limawononga timinyewa ta m'kati mwa khutu, ndipo tikawonongeka sitimeranso. Oombera mizinga ambiri a nkhondo imeneyo anakalamba ali ogontha, kapena makutu akulira usana ndi usiku. Kwathu kuno vuto lomweli timaliona mwa anyamata ogwira ntchito pachigayo ndi ocheka matabwa ndi makina, amene amakhala tsiku lonse osatseka makutu ndi kalikonse.

Chigwa cha Kaladan

Dziko la Japan linalowa mu Burma kumayambiriro kwa 1942, ndipo mzinda wa Rangoon unagwa mu March chaka chomwecho. Asilikali a Britain ndi India anathawira kumalire a India, ndipo panatenga zaka ziwiri kuti zinthu zitembenuke. Mu 1944 a Japan anayesa kulowa mu India koma anagonja pa Imphal ndi Kohima, ndiye kuyambira pamenepo anayamba kubwerera m'mbuyo, ngakhale ankamenyabe moopsa pa phiri lililonse ndi mtsinje uliwonse.

Chigwa cha Kaladan chinaperekedwa kwa 81st West African Division, asilikali a ku Nigeria, Gold Coast imene lero ndi Ghana, Sierra Leone ndi Gambia. Kunalibe msewu weniweni. Katundu wambiri ankasenzedwa pamutu ndi asilikali onyamula, ndipo chakudya ndi zipolopolo zinkaponyedwa ndi ndege. Mizinga ya gulu la Umrao Singh inatumizidwa kukathandiza anthu amenewa. Tinganene kuti usiku uja Mmwenyeyu ankateteza mzinga umene unali chishango cha anyamata a ku Africa.

Koma mdani wamkulu ku Burma sanali wonyamula mfuti. General William Slim, amene ankatsogolera gulu lalikulu la Fourteenth Army, analemba nkhondo itatha kuti mu 1943, pa msilikali mmodzi wochotsedwa kunkhondo chifukwa cha bala, 120 ankachotsedwa chifukwa cha matenda. Patsogolo panali malungo, kenako kamwazi, zilonda za pakhungu ndi matenda ofalitsidwa ndi tinthata ta m'tchire. Mankhwala oteteza malungo analipo, otchedwa mepacrine, oyenera kumwa tsiku ndi tsiku. Ankasandutsa khungu kukhala lachikasu, ndipo mphekesera inafala yoti amapha mphamvu za abambo. Anyamata anayamba kutaya mapiritsi. Amayi, mphekesera imeneyi mukuidziwa. Ndi yomwe ija inamveka pa masikito onyikidwa m'mankhwala, ndi pa katemera, ndi pa mankhwala a likodzo a ana asukulu. Inayenda mayiko ambiri isanafike kwathu.

Slim sanataye nthawi kutsutsana ndi mphekesera. Analamula kuti asilikali aziyezedwa mwadzidzidzi, ndipo gulu likapezeka kuti silikumwa mankhwala, wochotsedwa ntchito anali mkulu wa gululo. Anakhazikitsanso zipatala za malungo pafupi ndi kunkhondo, kuti wodwala achire msanga m'malo momutumiza kutali ku India. Pofika 1945 chiwerengero cha odwala chinali chitatsika kwambiri.

Usiku wa pa 15 December

Usiku umenewo mizinga iwiri ya 33 Mountain Battery inali patsogolo, ndipo umodzi unali m'manja mwa Umrao Singh. A Japan anayamba ndi kuponya mabomba a mizinga yawo, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, kwa ola limodzi ndi theka osalekeza. Atangosiya, asilikali awo oyenda pansi anatulukira mumdima. Anali magulu awiri, ndipo gulu limodzi lotere likakhala lokwana limakhala ndi anthu oposa 100.

Mdani akafika pafupi chonchi, oombera mzinga amagwira mfuti za m'manja ngati msilikali wina aliyense. Pa chiwembu choyamba Umrao Singh anavulazidwa kawiri ndi mabomba oponya ndi manja, koma anapitiriza kulamula anyamata ake mpaka adani anabwerera. Atabweranso, iye anatenga mfuti yachiwaya yotchedwa Bren n'kumaombera pamwamba pa chitsulo chotchinga mzinga, adani ali pa mtunda wosakwana mamita 5. Anabwereranso. Anabwera kachitatu, kachinayi, ndipo ulendo uliwonse kagulu ka pamzinga kankacheperachepera, mpaka otha kuima anatsala atatu: iye ndi anzake awiri.

Pa chiwembu chomaliza mzinga winawo unali utalandidwa kale, ndipo zipolopolo zinali zitatha. Umrao Singh anatola chitsulo chija chonyamulira zidutswa za mzinga, n'kuitana anzake awiriwo, n'kulowa pakati pa adani. Anaoneka akugwetsa atatu asanamuchulukire n'kumumenya m'mutu mpaka kukomoka. Malowo atalandidwanso, mzinga wake unapezeka uli bwinobwino, ndipo tsiku lomwelo unayambanso kuomba.

Ndikawerenga nkhaniyi sindilephera kuganizira anthu 10 aja anagona momuzungulira. Mayina awo sanalembedwe pa chikalata cha mendulo. Mwina anali anyamata a msinkhu wake womwewo, ofooka ndi malungo ndi njala, chifukwa asilikali a Japan ku Burma chaka chimenecho anavutika ndi njala koopsa. Nawonso anali ndi amayi amene ankadikira kalata.

Maola 6 pansi

Monga namwino, pamene ndimaima nthawi yaitali ndi pa maola 6 aja. Munthu wokomoka ndi bala la m'mutu nthawi zambiri safa ndi bala lenilenilo poyamba. Amafa chifukwa lilime lagwera kukhosi, kapena magazi ndi masanzi zatseka njira ya mpweya, kapena wataya magazi ambiri, kapena thupi lazizira. Khungu la m'mutu lili ndi mitsempha yambiri ndipo limatulutsa magazi kuposa kukula kwa bala, nkhope nayo imatupa msanga. N'chifukwa chake wovulala m'mutu amaoneka ngati watha kale pamene akanatha kupulumuka. Umrao Singh anali mnyamata wamphamvu, komanso anapezeka pa nthawi imene chithandizo cha ovulala kunkhondo chinali chitapita patsogolo. Pofika 1944 penicillin anali atayamba kufika m'zipatala za asilikali, kuika magazi kunali kutazolowereka, ndipo ovulala ambiri a ku Kaladan ankanyamulidwa pa tindege ting'onoting'ono totera pa timabwalo tolambulidwa m'tchire.

Ife mabomba tilibe, koma tili ndi kabaza wa njinga zamoto, ndipo mabala a m'mutu amene tikulandira m'zipatala ndi omwewo. Nthawi zambiri oyamba kufika pa ngozi ndi amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu. Choyamba onani ngati munthuyo akupuma, musathamangire kumufunditsa chitenje kumaso chifukwa chakuti sakuyankha. Ngati akupuma, mugonekeni chammbali, wina atagwira mutu kuti khosi lisapindike. Panikizani pamene pakutuluka magazi ndi nsalu yoyera, mufunditseni thupi, ndipo musamuthire madzi kapena kumumwetsa kanthu. Apite kuchipatala atagona, osati atamukhazika pakati pa anthu awiri pa njinga yamoto ina. Ndipo amene wagunda mutu n'kudzuka yekha akuti ali bwino, muyang'anireni usiku wonse. Akayamba kusanza mobwerezabwereza, kusinza mosadzutsika, kugwa khunyu, kulankhula zosokonekera, kapena kutuluka madzi ndi magazi m'khutu kapena m'mphuno, magazi akhoza kukhala akuunjikana m'kati mwa chigaza, ndipo si za kudikira kuche.

Mendulo ya mkuwa

Victoria Cross inakhazikitsidwa ndi Mfumukazi Victoria mu 1856. Si yagolide, ndi kamtanda ka mkuwa kolendewera pa kansalu kofiirira, ndipo amati mkuwawo umachokera ku mizinga yakale yolandidwa kunkhondo. Asilikali a ku India anayamba kuloledwa kuilandira mu 1911, ndipo woyamba anali Khudadad Khan mu 1914. Pa nkhondo yonse yachiwiri inaperekedwa ka 182 kokha, ndipo ambiri anaipatsidwa atamwalira kale. Palibe msilikali wakuda wa ku Africa amene anailandira pa nkhondo imeneyo, ngakhale zikwizikwi anamenya nawo ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma.

Umrao Singh anailandira kuchokera m'manja mwa Mfumu George VI ku Buckingham Palace pa 15 October 1945, pasanathe chaka chivulalireni. Pakati pa oombera mizinga a Britain ndi India, ndi iye yekha wa udindo wa usajeni amene anaipeza pa nkhondoyo.

Anatuluka usilikali mu 1946, koma India italandira ufulu mu 1947 analowanso, tsopano m'gulu la dziko lake lodzilamulira. Anakwera mpaka udindo wa subedar major, ndipo mu 1970 anapatsidwa ukaputeni waulemu. Atapuma anabwerera ku Palra, kukalima munda wa makolo ake wa maekala awiri. Maekala awiri, amayi, ndi munda ngati wanu ndi wanga. Munthu amene anagwirana chanza ndi mfumu ya ku England ankadzuka m'mawa kukaona ngati tirigu wamera, ndipo analera ana atatu, amuna awiri ndi wamkazi mmodzi.

Pakhomo pa tenti

Mu May 1995, Britain inachita mwambo waukulu ku Hyde Park mu London, wokumbukira kuti patha zaka 50 nkhondo itatha ku Ulaya. Umrao Singh, ali ndi zaka 74, anapitako. Atafika pa tenti ya alendo olemekezeka anatsala pang'ono kubwezedwa, chifukwa dzina lake silinali pa mndandanda. Mkulu wina wa asilikali amene ankayendetsa mwambowo ndi amene anazindikira kamtanda ka pachifuwa pake n'kulamula kuti alowe.

Pa ulendo womwewo anadandaula kwa John Major, nduna yaikulu ya Britain nthawi imeneyo, za ndalama imene olandira Victoria Cross ankapatsidwa. Ndalamayo inali £100 pa chaka, ndipo inali isanasinthe kuyambira 1959. Chaka chomwecho boma la Major linaikweza kufika pa £1,300. Ine pamenepa ndimapalemekeza mofanana ndi usiku wa ku Kaladan. Okalamba ambiri akaitanidwa ku mwambo amavala bwino, amakhala pamene awalozera, amajambulidwa, n'kubwerera kwawo osanena kanthu poopa kuoneka osayamika. Mlimi wa ku Palra anaima pamaso pa mtsogoleri wa dziko la eni n'kunena kuti ndalamayo ndi yochepa, ndipo phindu lake linafikira onse olandira menduloyo amene anali moyo.

Agogo athu a Keyala analibe mwayi woyandikira tenti yotere. Zikalata za boma la atsamunda zimene atolankhani anaulula mu 2019 zinasonyeza kuti pomaliza nkhondo, msilikali wamba wachizungu wa m'magulu a kum'mawa kwa Africa ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anagwira ntchito, pamene wakuda wa udindo womwewo ankalandira mashiling'i atatu ndi theka. Ambiri anabwera ndi bulangete, nsapato ndi ndalama yongokwana njinga kapena makina osokera. Ena anabwera ndi maloto oipa ndi ukali umene akazi awo ndi ana awo anausenza zaka zambiri, pa nthawi imene kunalibe amene ankautcha matenda. Lero tikudziwa kuti munthu amene anaona zoopsa akhoza kudwala m'maganizo kwa zaka, ndipo chithandizo chilipo. Ana athu a Malawi Defence Force amene akubwera kuchokera ku Congo ayenera kufunsidwa za tulo tawo, osati za ndalama zokha zimene abwera nazo.

Victoria Cross ikagulitsidwa pa msika ku London imagula mapaundi zikwi mazanamazana, chifukwa pali anthu olemera amene amasonkhanitsa mendulo zotere. Umrao Singh, ali wosauka, anauzidwa kangapo kuti agulitse yake, ndipo anakana. Chifukwa chimene ankapereka chinali chakuti kutero kukanakhala kunyoza anzake amene anafera pa mzinga uja. Kwa iye mkuwawo sunali wake yekha. Wina akhoza kunena kuti ndalamazo zikanaphunzitsa zidzukulu, ndipo sindinganene kuti walakwa. Koma iye ndi amene anaona anyamata amene ankadya nawo mbale imodzi akugwa mmodzimmodzi, ndipo mwa onsewo dzina lolembedwa kuseri kwa menduloyo linali lake lokha.

Matenda a ukalamba

Mu July 2005 madokotala anamupeza ndi khansa ya prostate. Anakhala miyezi inayi yokha.

Prostate ndi kachiwalo ka abambo okha, kakukula ngati nthudza yaikulu, kokhala kunsi kwa chikhodzodzo mozungulira njira ya mkodzo. Bambo akapitirira zaka 50 kamayamba kukula, ndipo nthawi zambiri kukulako si khansa, kumangopanikiza njira ya mkodzo ndipo kuli ndi mankhwala. Koma zizindikiro za kukula wamba ndi za khansa zimafanana, ndiye palibe angazisiyanitse ali kunyumba. Khansa imeneyi imagwira kwambiri abambo akuda kuposa a mitundu ina, ndipo amene bambo ake kapena mchimwene wake anadwalapo ali pa chiopsezo chachikulu. Ikamayamba siimva kuwawa. Ikapezeka msanga imachizika, kapena imagwirika kwa zaka zambiri. Ikachedwa imathamangira ku mafupa, makamaka a msana ndi a m'chiuno.

Ndikulembera inu amayi chifukwa ndinu amene mumamva chitseko chikutsegulidwa kanayi kapena kasanu usiku umodzi. Ndinu amene mumaona bambo akuchedwa kuseri kwa nyumba, mkodzo ukutuluka mofooka kapena modukizadukiza, ndipo ndinu amene mumachapa kabudula wodonthera. Abambo ambiri sanena. Amafika kwa ife mkodzo utatsekeka kotheratu, chikhodzodzo chitatupa ngati mimba ya miyezi isanu, kapena miyendo itayamba kufooka, atatha chaka akumwa zitsamba za msana. Chimene amaopa ndi kuyezedwa ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi. Kuyezako sikutha ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo palinso kuyeza magazi kotchedwa PSA kumene kumachitika m'zipatala zikuluzikulu. Magazi mumkodzo, kapena msana wopweteka usiku mwa bambo wachikulire amene akuvutikanso kukodza, n'zofunika kuchipatala sabata yomweyo. Ngati inu sakumverani, tumani mwana wawo wamkulu kapena mlongo wawo, chifukwa bambo aliyense ali ndi munthu mmodzi amene samukanira.

Umrao Singh anamwalira pa chipatala cha asilikali cha Army Research and Referral mu New Delhi pa 21 November 2005, tsiku lenileni limene anakwanitsa zaka 85. Mkazi wake anali atatsogola kale. Mwa asilikali a ku India amene analandira Victoria Cross, iye ndiye anali womaliza kukhala moyo m'dzikolo. Dzina lake linalembedwa pa chikumbutso cha Memorial Gates mu London, chimene chinatsegulidwa mu 2002 polemekeza asilikali a ku India, Africa ndi Caribbean amene anamenya nkhondo ziwiri zikuluzikulu. Thupi lake analitengera kwawo ku Palra, kumene linawotchedwa monga mwa mwambo wa Chihindu, asilikali ataima pamzere kupereka ulemu wonse wa usilikali.